Pogula Makina a Nyimbo ndi Kanema, Yambani Mwayeza Batire

Nyengo yokolola ikafika kuno ku Domwe, ndalama zimayamba kuoneka m'matumba mwa anthu. Wina wagulitsa mbatata ya kachewere kwa a malole opita ku Tete ndi ku Beira, wina wagulitsa nyemba, wina walandira yake ya fodya. Amalonda nawonso sagona tulo. Pa misika ya Domwe, Ulongwe, Lizulu ndi Dedza mashopu amadzaza ndi makatoni a zoimbira olembedwa manambala akuluakulu, ndipo nyimbo zimaphulika kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa.

Palibe cholakwika kuti munthu amene wagwira khasu chaka chonse afune kumva nyimbo zabwino madzulo, kapena kuonera kanema ndi mpira pamodzi ndi banja lake. Chisoni chimadza pamene ndalama ya dimba lonse yathera pa makina amene akafika kunyumba amangoimba maola awiri batire n'kutha, kapena amapsa mwezi usanathe pomwe wogulitsa adasamuka kale. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono nkhani ya sabata ino ndi yothandiza wogula kuti ayambe wang'amba mkuyuwo asanapereke ndalama.

Kodi risiva n'chiyani?

Amene ali ndi imvi lero adakula ndi gumbagumba woimba zimbale pa maukwati ndi pa mowa. Kenaka padabwera makaseti, amene kampani ya Philips idayamba kupanga m'chaka cha 1963. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, anthu a ku Angonia amene adathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu adayamba kubwerera kwawo, ndipo pa katundu amene ena adasenza padalinso wailesi ya kaseti yoyendera mabatire a tochi. Pambuyo pake padatseguka tinyumba toonetsera kanema wa matepi a VHS, padabwera ma DVD, ndipo lero nyimbo mazanamazana zimakwana pa kamemori khadi kochepa ngati chikhadabo.

Zoimbira zasintha ndithu, koma chinthu chimodzi sichidasinthe. Mawu ochokera mu kaseti, mu foni kapena mu dikoda amakhala ofooka, sangathe kugwedeza sipika yaikulu pa okha, choncho pamafunika makina oti awapatse mphamvu. Makina amenewo ndiwo ampulifaya. Risiva ndi ampulifaya imene aiphatikiza ndi zinthu zina m'bokosi limodzi. Ili ndi wailesi m'kati mwake, ili ndi mabowo ambiri olumikizirapo dikoda, DVD ndi wailesi ya kanema, ndiponso imalola mwini wake kusankha choti chimveke popanda kuzula mawaya. Risiva ya kanema, imene amalonda amaitcha home theatre, imaonjezapo ntchito ina yogawa mawu a filimu ku masipika angapo ozungulira chipinda.

Pa risiva yotere pamalembedwa 5.1. Nambala 5 ikuimira masipika asanu, awiri kutsogolo, imodzi pakati, ndi awiri m'mbali cha kumbuyo kwa oonera. Nambala 1 ikuimira sabuufa, sipika ya mawu a besi okhaokha. Njira yogawa mawu chonchi yotchedwa Dolby Digital idayamba kumveka m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera kanema m'chaka chomwe chija cha 1992 ndi filimu ya Batman Returns, ndipo ina yotchedwa DTS idatsatira mu 1993 ndi filimu ya Jurassic Park. Ma DVD, amene adayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, ndiwo adafikitsa mawu oterewa m'makomo mwa anthu ambiri. Kuyambira 2012 kudabweranso Dolby Atmos, imene imafuna kuti mawu ena azichokera kudenga.

Apa wogula asasokonezeke. Bokosi limene anthu pa msika amangolitcha sabuufa kawirikawiri limakhala ndi ampulifaya yaing'ono m'kati ndi timasipika tiwiri. Ena mwa mabokosi amenewa amabwera ndi timasipika tisanu ndipo pa katoni amalemba 5.1, pomwe m'kati amangotenga mawu a mbali ziwiri n'kuwabwereza mu timasipika tonse. Chizindikiro chake n'chakuti kumbuyo kulibe bowo la HDMI kapena la optical, ndipo dzina la Dolby Digital silioneka pena paliponse.

Funso loyamba ndi la magetsi

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuti makinawo amafuula motani. Wanzeru amayamba ndi kufunsa kuti adzawadyetsa chiyani. Ngakhale damu la Cahora Bassa ku Songo, lotha kupanga mamegawati 2,075, lili m'chigawo chomwe chino cha Tete, midzi yambiri ya m'mapiri muno imadalirabe sola ndi batire. Risiva yaikulu ya Yamaha, Denon, Sony, Onkyo kapena Pioneer idapangidwira nyumba ya magetsi a mavolti 220 osathima, ndipo yambiri imadya mawati makumi angapo ngakhale ili chete, bola yayatsidwa.

Batire lili ngati nkhokwe, chimene chalowamo ndicho chimatulukamo. Batire la mavolti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yoyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12. Koma batire la asidi likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga, choncho maola enieni ogwiritsa ntchito ndi 6 okha. Mwachitsanzo, banja lili ndi wailesi ya kanema yodya mawati 40, dikoda yodya mawati 10 ndi risiva yodya mawati 60. Zonse pamodzi ndi mawati 110, ndipo inveta yosandutsa mavolti 12 kukhala 220 imadyaponso gawo lake, kotero kuti zimafika pafupifupi 125. Theka la batire lija silikwanitsa maola asanu.

Nkhani sithera pomwepo, pakuti nkhokwe iyenera kudzazidwanso m'mawa mwake. Sola ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imabweza mphamvu yoyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola pafupifupi anayi. Ndiye kuti banja lija likhoza kuonera maola atatu okha pa tsiku, osawerengera mababu ndi kutchaja mafoni. Masiku a mitambo nthawi ya dzinja, ndi masiku a nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene phiri la Domwe silioneka mpaka masana, maolawo amachepanso. Walira mvula walira matope. Wofuna risiva yaikulu pa sola adziwiretu kuti akufunanso batire lachiwiri ndi sola yachiwiri, ndipo mtengo wa zimenezi auwerengere pamodzi.

Pali njira ina yopepuka. Masiku ano kuli timaampulifaya ting'onoting'ono ta mtundu wotchedwa Class D timene timayendera mavolti 12 mwachindunji popanda inveta. Makina a mtundu wakale wa Class AB amataya theka la mphamvu, mwinanso kuposerapo, monga kutentha, pomwe Class D imataya pang'ono chabe. Ngati kaampulifaya kotere kakudya mawati 15 poimba mwaulemu m'nyumba, ndipo wailesi ya kanema ndi dikoda nazonso ndi za mavolti 12, zonse zimakwana mawati 65, ndipo theka la batire lomwe lija limafika maola 9. Banja ndi lomwelo, filimu ndi yomweyo, koma batire likhalitsa.

Amene asankhabe kugwiritsa ntchito inveta ayang'ane zolembedwa pa inveta yake. Yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ofanana ndi a kampani. Yotchipa yolembedwa modified sine wave imatulutsa magetsi odumphadumpha amene amachititsa masipika kung'ung'udza ndiponso amatenthetsa thiransifoma ya m'kati mwa risiva. Batire la galimoto nalonso si loyenera ntchito imeneyi, chifukwa lidapangidwira kuliza injini kwa kanthawi kochepa, osati kutsitsidwa usiku uliwonse. Loyenera ndi batire la sola lenileni.

Amene ali ndi magetsi a EDM ali ndi mwayi, komabe nawonso akumbukire kuti risiva yosiyidwa yoyaka usana wonse ikudya mayunitsi a Credelec ngakhale palibe akumvera. Kumene magetsi amakonda kutsika ndi kukwera, kabokosi koteteza makina, kamene kamadula magetsi akasokonezeka n'kudikira pang'ono asanabwerere, n'kotchipa kuposa kukonzetsa risiva. Ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphezi zikayamba kung'anima, chitetezo chenicheni ndi kuzula pulagi pamodzi ndi waya wa eriyo ndi wa dishi. Kungothimitsa pa batani sikuletsa mphezi kulowa.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito

Pa misika pamapezekanso marisiva a kaunjika ochokera kunja, ndipo ena mwa iwo ndi olimba zedi kuposa atsopano otchipa. Koma wogula atembenuze makinawo awerenge kachikwangwani kali kumbuyo pafupi ndi waya wa magetsi. Ku Mozambique magetsi ndi a mavolti 220 ndipo ku Malawi ndi a 230, awiriwa amagwirizana bwinobwino. Ku America ndi a 120, ku Japan ndi a 100. Risiva yolembedwa 120V kapena 100V ikalowetsedwa pa soketi ya kuno imapsa nthawi yomweyo, pokhapokha patakhala thiransifoma yotsitsa mavolti, imene ilinso ndi mtengo wake. Zochokera ku Ulaya ndi ku Joni sizikhala ndi vuto limeneli.

Wailesi ya m'kati nayonso iyesedwe. Mawailesi a FM kuno amaulutsa mawu pakati pa 87.5 ndi 108, koma makina akale a ku Japan amayambira pa 76 n'kuthera pa 90, atsopano ena pa 95. Ndi chifukwa chake oyendetsa galimoto zochokera ku Japan amadandaula kuti nyumba zambiri zoulutsira mawu sakuzipeza. Munthu wa m'malire muno, amene amafuna kumva Chinyanja cha Rádio Moçambique ya ku Tete, kenaka n'kutembenukira ku MBC kapena Zodiak, aonetsetse kuti manambala akufika pa 108.

Pali nkhaninso ya pulagi. Katundu wogulidwa ku Dedza kawirikawiri amakhala ndi pulagi ya mano atatu a makona, pomwe masoketi ambiri a kuno ndi a mano awiri ozungulira. Kudula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala pothandizidwa ndi timitengo ta machesi kwatenthetsa makina ambiri, ndipo m'nyumba ya udzu ngozi yake ndi yaikulu. Adaputa kapena pulagi yatsopano ndi ndalama yochepa.

Manambala a pa katoni

Wogula akangoima pa shopu, mnyamata wogulitsa amathamanga. "Abambo, tengani iyi, ili ndi mawati 5,000, mudzi wonse udzamva!" Yankho labwino ndi lakuti, "Achimwene, tatembenuzani tione kumbuyo." Pa kachikwangwani kaja pamalembedwanso mawati amene makinawo amadya kuchokera ku magetsi. Ngati palembedwa 45W, makinawo sangatulutse 5,000, monga momwe mayi wothira chitini chimodzi cha chimanga m'chigayo sangatolere matumba khumi a ufa. Pa makina a mavolti 12, fyuzi imanena zoona. Fyuzi ya 5A ikachulukitsidwa ndi mavolti 12 ikupereka mawati 60, ndipo mphamvu yopitirira apo ikadutsa kwa kanthawi fyuziyo imaduka.

Manambala aakulu aja kawirikawiri amatsatidwa ndi zilembo PMPO. Imeneyi ndi nambala yokopera makasitomala, ndipo palibe muyeso umodzi umene makampani onse amautsata poilemba. Nambala yodalirika ndi yotsatidwa ndi zilembo RMS, imene imanena mphamvu yomwe makina angatulutse mosalekeza. Chinyengo chimenechi n'chakalekale, kotero kuti boma la America lidachita kukhazikitsa lamulo m'chaka cha 1974 lokakamiza makampani kulemba mphamvu yosalekeza. Ngakhale pa marisiva a mayina odziwika, nambala yolembedwa nthawi zambiri idayesedwa sipika imodzi kapena ziwiri zokha zikuimba. Onse asanu akamaimba pamodzi, sipika iliyonse imalandira yocheperapo.

Chinanso chimene ogulitsa sanena n'chakuti khutu la munthu silimva mawati monga momwe diso limawerengera ndalama. Makina a mawati 100 samveka kawiri kuposa a mawati 50. Kusiyana kwake ndi madesibelo atatu okha, kumene munthu amangomva kuti mawu akwera pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. M'chipinda chochezera cha nyumba ya kumudzi, mawati 20 mpaka 30 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwana kuti anthu alephere kumvana polankhula.

Masipika ndiwo pakamwa

Risiva yabwino yolumikizidwa ku masipika oipa imamveka moipa, pomwe ampulifaya yaing'ono yolumikizidwa ku masipika abwino imasangalatsa. Choncho ngati ndalama ndi yochepa, gawo lalikulu lipite ku masipika, amene ena kuno amawatcha makoluna. Masipika awiri abwino amaposa asanu a pulasitiki yopepuka.

Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa nambala ya ma-ohm, kawirikawiri 4, 6 kapena 8, ndipo kumbuyo kwa risiva kumalembedwa nambala yochepetsetsa imene ingalandire. Nambala ikachepa, sipika imakoka magetsi ambiri ndipo risiva imatentha. Anyamata ambiri amaphatikiza masipika awiri pa malo amodzi pofuna phokoso. Awiri a ma-ohm 8 akamangidwa pa malo amodzi, mawaya ofiira pamodzi ndi akuda pamodzi, amasanduka ma-ohm 4, ndipo awiri a 4 amasanduka 2. Risiva yolembedwa 6 mpaka 16 ikasenzetsedwa katundu wotere imadzithimitsa yokha, ndipo ngati ilibe chitetezo imapsa.

Sipika zina zimalembedwanso nambala ngati 87dB kapena 90dB. Imeneyi imasonyeza phokoso limene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi. Ya 90 imafuna theka chabe la mphamvu imene ya 87 imafuna kuti zimveke mofanana, ndipo kwa munthu wa batire nkhani imeneyi si yaing'ono.

Polumikiza, waya wa ku chofiira cha risiva upite ku chofiira cha sipika, wakuda ku chakuda. Sipika imodzi ikatembenuzidwa mawaya, besi imasowa ndipo mwini wake amaganiza kuti adagula makina ofooka. Tinsonga ta mawaya awiri tisakhudzane. Masipika akhale mbali ziwiri za wailesi ya kanema, motalikirana pafupifupi mamita awiri, pa msinkhu wa makutu a munthu atakhala pansi kapena pa mpando. M'nyumba ya malata yopanda siling'i ndi ya simenti pansi mawu amabwerera n'kusokonezana, koma mphasa, makatani ndi mipando ya nsalu zimathandiza kwambiri popanda kuononga ndalama.

Ndipo mawu akayamba kusweka kapena kukhadzula, voliyumu itsitsidwe msanga. Ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa kufuula kupitirira mphamvu zake ndiyo imaotcha kasipika kakang'ono ka mawu oonda kaja.

Kodi m'nyumbamo mudzaimbidwa chiyani?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa wofunika risiva ya 5.1 ndi wosafunika. Nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, za malemu Lucius Banda, za Black Missionaries, marrabenta a Wazimbo, sungura ya Alick Macheso, nyimbo za makwaya ndi za ingoma zojambulidwa m'midzi, zimafika kwa omvera zili za mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo zina zakale ndi za mbali imodzi yokha. Wailesi ya FM nayonso sipitirira mbali ziwiri. Munthu wokonda nyimbo akagula masipika asanu walipira atatu amene nyimbo zake sizikuwadziwa.

Mafilimu ambiri opezeka m'midzi ali chimodzimodzi. A ku Nigeria okoperedwa pa fulashi, masewero a Izeki ndi Jakobo, mafilimu a karate amene anyamata amawamasulira m'Chichewa, pafupifupi onse amafika ndi mawu a mbali ziwiri. Mawu enieni a 5.1 amapezeka pa ma DVD ndi ma Blu-ray enieni, pa matchanelo ena a dishi, ndi pa intaneti monga pa Netflix, kumene kuli filimu ya 2019 yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, imene mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Amene ali ndi magetsi odalirika ndipo amaonera zoterezi adzamva kukoma kwa risiva ya 5.1, makamaka sipika ya pakati, imene imanyamula mawu a anthu olankhula kuti asamire m'phokoso la mfuti ndi magalimoto. Sayenera kugula zonse tsiku limodzi ai. Akhoza kuyamba ndi masipika awiri, chaka chinacho n'kuonjezera ya pakati, kenaka sabuufa.

Mabowo a kumbuyo nawonso agwirizane ndi zimene zili kale kunyumba. Dikoda ndi wailesi ya kanema za masiku ano zimagwiritsa ntchito HDMI, ndipo bowo lolembedwa ARC, limene lidayamba mu 2009, limalola kuti mawu achoke mu wailesi ya kanema kupita ku risiva pa waya umodzi womwewo, bola mbali zonse ziwiri zikhale nalo. Risiva yakale yopanda HDMI ikhoza kugwirabe ntchito ngati wailesi ya kanema ili ndi bowo la optical, kapena mabowo ofiira ndi oyera otulutsa mawu. Woimba nyimbo za mu foni aone ngati pali Bluetooth, ndipo ngati palibe, kachipangizo kotchipa ka Bluetooth kolumikiza pa mabowo ofiira ndi oyera kamathetsa vutolo. Ndi nzeru kujambula kumbuyo kwa wailesi ya kanema ndi foni musanachoke kunyumba, n'kukafananiza ku shopu.

Eni malo oonetsera kanema ndi mpira, oimbitsa pa maukwati ndi akuluakulu a mipingo adziwe kuti risiva ya m'nyumba sidapangidwire ntchito yawo. Kufuula maola khumi pa jenereta m'chipinda chodzaza anthu kumafuna ampulifaya ya pabwalo yokhala ndi fani ndi malo a maikolofoni, pamodzi ndi masipika aakulu awiri. M'chipinda cha anthu makumi asanu, masipika a kumbuyo amangogonthetsa okhala nawo pafupi.

Tsiku logula

Safunsa adadya phula. Wogula atengane ndi mnzake wodziwako za mawaya, ndipo atenge nyimbo imene iye amaidziwa bwino, makamaka yokhala ndi mawu a munthu ndi gitala, chifukwa ogulitsa amakonda kuika nyimbo za besi yokhayokha imene imabisa zilema. Ayambe kumvera motsitsa. Makina abwino amamveka bwino ngakhale ali pansi, ndipo nyimbo ikaimitsidwa sipamveka kung'ung'udza. Ayese sipika iliyonse payokha, bowo lililonse, wailesi ndi rimoti. Asiye makinawo aimbe mphindi makumi awiri, kenaka agwire pamwamba. Kufunda si vuto, koma kutentha kolephera kusiyapo dzanja, kapena fungo la waya wopsa, ndi chenjezo.

Awerengenso dzina la kampani chilembo ndi chilembo, pakuti pali katundu wobera mayina odziwika posintha chilembo chimodzi. Alandire lisiti lolembedwa tsiku, mtundu wa makina ndi nambala yake, ndipo agwirizane ndi wogulitsa masiku amene angabweze katundu akaonongeka. Wogula ku Malawi adzafunanso lisitilo pa chipata cha Kalomwe, ndiponso awerengere ndalama ya ulendo wobwerera ku shopu makina akavuta. Asanagule, ndi bwino kucheza ndi mmisiri wokonza mawailesi wa pa msika wapafupi, chifukwa iye ndiye amadziwa mitundu imene imabwera kawirikawiri pa tebulo lake ndi imene zipangizo zake zimapezeka.

Makina akafika kunyumba aikidwe pamalo podutsa mpweya. Kansalu koluka kamene amayi amayala pamwamba pofuna kukongoletsa kamatseka timabowo totulutsira kutentha, choncho kazichotsedwa makina akamaimba n'kubwezedwa akazizira kuti fumbi lisalowe. Utsi wa kukhitchini, kudontha kwa denga, mphemvu zokonda malo ofunda ndi makoswe odya mawaya ndiwo adani ena a makina m'midzi.

Makutu alibe sipeya

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamve phokoso la madesibelo 80 kupitirira maola 40 pa sabata, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imachepa msanga. M'chaka cha 2022 bungweli lidatulutsanso malangizo akuti m'malo a zisangalalo phokoso lisapitirire madesibelo 100. Munthu wopanda choyezera akhoza kudziwa chonchi: ngati ayenera kufuula kuti mnzake amene ali pa mtunda wa mkono umodzi amve, phokosolo lachuluka. Makutu akamalira pambuyo pa dansi, ndiye kuti avulala, ndipo kumva kukatayika chifukwa cha phokoso sikubwerera. Ana ang'onoang'ono asakhazikidwe pafupi ndi masipika. Pamudzi palinso odwala, ana a sukulu olemba mayeso ndi mabanja amene ali pa maliro, ndipo makina amene adagulidwa kuti adzetse chimwemwe asamafikitse munthu pa bwalo la a nyakwawa.

Pomaliza, ndalama ya zokolola ndi ya banja lonse. Bambo ndi mayi akhale pansi ayambe apatula ya feteleza, ya mbewu ndi ya sukulu, yotsalayo ndiyo ikagule zoimbira. Akatero adzifunse mafunso atatu motsatana: magetsi alipo ochuluka bwanji, kudzaimbidwa chiyani, ndipo masipika ake ndi otani. Kwa mabanja ambiri a sola, yankho lidzakhala kaampulifaya ka mavolti 12 ndi masipika awiri abwino. Kwa a magetsi a kampani okonda nyimbo, risiva ya mbali ziwiri. Risiva ya 5.1 ndi ya amene ali ndi magetsi okwana ndiponso mafilimu okhala ndi mawu a mtundu umenewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo msika umene wadzaza makatoni sabata ino udzakhalaponso sabata yamawa.